Chithunzi Chaoneka, Koma Agogo Akuti Chiyani?

 Nkhani ya mwezi uno ndi yotichititsa manyazi, ndipo tinayamba takayika ngati n'koyenera kuilemba. Koma poona kuti mipingo yambiri tsopano ili ndi achinyamata ojambula kanema ndi foni, taganiza zoulula pamene tinapunthwa ife, kuti anzathu akafike pamalopo ali maso.

Chisanu chathachi akulu a mpingo anagwirizana kuti achinyamata ajambule maumboni a akhristu okalamba a m'midzi yozungulira Fonte Boa. Kwa amene simunafike kuno, Fonte Boa ali m'boma la Tsangano, kufupi ndi malire a Malawi. Dzinali ndi la Chipwitikizi, ndiye kuti kasupe wabwino, ndipo linadza ndi mishoni ya abale athu Achikatolika imene ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula m'chaka cha 1945. Mbiri ya ife a mpingo wa Reformed kuno inayenda njira ina. Mishoni ya Mphatso inayamba mu 1909, boma la Apwitikizi n'kuitseka mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri akhristu ankadutsa malire wapansi kukabatiza ana ndi kukadya Mgonero ku mipingo ya ku Malawi monga Mlanda. Pambuyo pake kunadza nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Za momwe akhristu wamba anapempherera, kuimba ndi kuika maliro m'zaka zimenezo, zolembedwa n'zochepa kwambiri. Zambiri zili m'mitu ya agogo athu, ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi.

Tinayamba ndi mayi wina wa Chigwirizano wa zaka zoposa 80. Anyamata anawakhazika pansi pa mtengo wa mapichesi, kumbuyo kwawo kukuoneka dimba la mbatata ya kachewere ndi mapiri. Pofuna kuti mapiriwo alowe m'chithunzi, anaimika foni pa mtunda wa mamita 4. Agogo anayankhula pafupifupi ola lathunthu. Ife amene tinakhala pambali tinamva zonse, ena mpaka kugwetsa misozi. Madzulo ake, titaika kanemayo pa kompyuta, chithunzi chinali chokongola zedi, duku loyera kuti mbee, makwinya onse a pankhope kuoneka. Koma chimene chinamveka ndi mwera ukuwomba, tambala wa pakhomopo, chigayo cha kutsidya kwa dambo ndi njinga yamoto imene palibe mmodzi wa ife anaikumbukira kuti inadutsa. Mawu a agogo ankangotumphuka apa ndi apo ngati mutu wa munthu womira m'madzi. Tinalonjezana kuti tidzabwererako ntchito ya kudimba ikachepa. Tisanabwerere, Ambuye anawaitana. Lero tili ndi ola lathunthu la milomo yoyenda, ndi mphindi khumi zokha zimene munthu angamve.

Tsono funso limene linativuta ndi ili: bwanji ife tinamva, koma foni osamva? Tonse tinali pansi pa mtengo womwewo. Yankho lake lili m'chilengedwe cha khutu. Mulungu anatipatsa makutu awiri ndi ubongo wodziwa kusankha. Pa msika wa Lizulu mayi amamva mwana wake akulira pakati pa anthu mazanamazana. Maikolofoni sadziwa kusankha. Kwa iye agogo ndi tambala ndi ofanana, ndipo wopambana ndi amene wafika ndi mphamvu. Odziwa za mawu amaphunzitsa kuti mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ofika imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa muyeso wawo amati yatsika ndi madesibelo 6. Tiyeni tiwerengere limodzi. Agogo anali pa mamita 4. Maikolofoni akanakhala pa masentimita 25, ndiye kuti kufupikira ka 16, ndipo mphamvu ya mawu awo ikanachuluka ka 256, pamene chigayo chija chikanangomveka monga kale. Palibe foni yodula kapena pulogalamu ya pa kompyuta imene ingatipatse phindu lotere, ndipo phindu limeneli silifuna ndalama.

Wina afunsa: nanga tikasendeza foni pafupi chotero, mapiri aoneka bwanji? Apa ndi pamene tinaphunzira kulekanitsa ntchito ziwirizi. Foni imodzi ijambule chithunzi ili patali, ina ijambule mawu ili pafupi, pa kampando kobisika kapena m'thumba la malaya la woyankhula. Amene ali ndi maikolofoni yaing'ono yopanikiza pa chovala, ya chingwe kapena yopanda chingwe, aipanikize pachifuwa, chikhatho chimodzi kutsika kuchokera pachibwano, ndipo aonetsetse kuti mkanda kapena mpango sukuikhudza, pakuti kukhulana kwa nsalu kumamveka ngati munthu akupala moto. Isalunjike pakamwa penipeni. Chichewa chathu chili ndi zilembo zotuluka ndi mpweya, monga ph, th ndi kh, ndipo munthu akati "Mphatso" kapena "phiri" molunjika pa maikolofoni, pamamveka ngati pagunda ng'oma. Mafoni onse awiri atayamba kujambula, wina aime poonekera n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Pa kompyuta kuwombako kumaoneka ngati kamzere kosongoka, ndipo ndi pomwe timalumikizira mawu ndi chithunzi. Kabolodi kaja kamene opanga mafilimu amamenyetsa asanayambe gawo ntchito yake yaikulu ndi yomweyi. Ngati kujambula kuli kwa nthawi yaitali, wombaninso pomaliza, chifukwa mawotchi a m'kati mwa mafoni awiri sayenda mofanana ndendende, ndipo pakutha pa ola milomo imatha kutsogola mawu n'kutsalira.

Mphepo ndi mdani wa mtundu wina, ndipo kuno kumtunda, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndi iye wamkulu. Kusendera pafupi sikumuthetsa, pakuti mphepo sichokera patali monga chigayo. Imamenya maikolofoni mwiniwakeyo. Kasiponji kamene kamabwera ndi maikolofoni n'kothandiza m'nyumba, koma panja pamafunika chophimba cha ubweya wautali. Ife tinadula kansalu ku chidole chakale cha ana a Sande sukulu, ndipo kanagwira ntchito. Chinanso n'kukhazika woyankhula kuseri kwa khoma kapena kwa nkhokwe, atafulatira kumene mphepo ikuchokera. Tambala amatsekeredwa m'khola lakutali, ana amapatsidwa ntchito ku chitsime, ndipo mwini chigayo amafunsidwa mwaulemu nthawi imene amazimitsa injini. Zimenezi zikuoneka zopepuka, koma munthu amene wanyamula foni maso ake amakhala pa chithunzi, ndipo sakumbukira kumvetsera. N'chifukwa chake pagulu pazikhala mmodzi amene ntchito yake ndi makutu basi. Avale mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo apatsidwe ulamuliro woimitsa ngakhale mkulu wa mpingo ndi kunena kuti, "Pepani bambo, tibwereze, padutsa galimoto." Tsiku lija tikanakhala ndi munthu wotere, tikanadziwa vuto lathu m'mphindi yoyamba, agogo akadali pampando.

Titalephera panja, maganizo oyamba anali othawira m'tchalitchi. Kumenekonso tinagwa. Matchalitchi athu ndi a njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti, pamwamba malata. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda khoma lolimba amabwerera, n'kugundanso khoma lina, kufikira mawu amodzi atsanjikana ndi otsatira ake. Kwaya imakonda zimenezi chifukwa nyimbo imakoma, ndipo Lamulungu anthu akadzaza mabenchi, matupi ndi zovala zawo zimameza mawu obwererawo. Koma tchalitchi chopanda anthu pakati pa sabata chimachita ngati phanga. Onjezanipo malata amene amathetheka dzuwa likatentha, ndi mvula imene ikangoyamba ntchito yonse yaima. Kuyesa chipinda n'kosavuta: imani pakati, wombani m'manja kamodzi, mvetserani. Ngati kuwombako kukusiya mchira, tulukani. Malo abwino koposa amene tinapeza ndi nyumba yofolera ndi udzu, ya dothi, mmene munali mphasa pansi ndi matumba a chimanga ataunjikidwa ku khoma. Tinapachika mabulangete awiri kumbuyo kwa wojambula, ndipo mawu anatuluka ngati a pa wailesi. Anyamata amene ankachita manyazi kujambula m'nyumba yaudzu anakhala chete.

Pali zina zing'onozing'ono zimene tizitchule mwachangu. Foni ikhale pa chizindikiro cha ndege, kuti wina asaimbe pakati pa umboni. Isajambule ili pa chaja, ndipo jenereta akhale kutali, chifukwa magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz ndipo kung'ung'udza kwake kumalowa m'zingwe. Ngati pulogalamu yojambulira ilola kusankha, sankhani WAV ndi 48 kHz, umene uli muyeso wa mawu a kanema. Yang'anani kamzere koonetsa kukula kwa mawu: pofuula kafike cha pa -12, kasagunde pa 0. Mawu otsika amakwezeka pambuyo, koma mawu osweka ndi osweka basi, monga dzira. Alaliki athu timawadziwa: amayamba monong'ona, pofika pakati denga likugwedezeka. Choncho poyesa, apempheni ayankhule monga adzachitire pamene mtima watentha. Ndipo musatumizirane zojambulazo pa WhatsApp musanazikonze, pakuti amazifinya. Gwiritsani ntchito chingwe kapena memori khadi, n'kusunga makope awiri m'nyumba ziwiri.

Chimodzi chimene chinatidabwitsa n'chakuti pamafunika kujambulanso chete. Woyankhula akamaliza, onse akhale duu kwa mphindi imodzi foni ikujambulabe. Malo alionse ali ndi kaphokoso kakekake kamene khutu silikalabadira: masamba, tizilombo, mpweya wa m'chipinda. Pokonza, tikadula chifuwa kapena funso lobwerezedwa n'kusiya mpata wopanda kanthu, womvera amadzidzimuka ngati foni yazima. Mpata umenewo timaudzaza ndi chete tinajambula uja, ndipo msoko suoneka. Kukhazika chete achinyamata asanu ndi mmodzi kwa mphindi yathunthu, tikuuzeni, ndi ntchito yoposa kukumba mbatata.

Tifike tsono pa kukonza. Pulogalamu ya Audacity, imene inatuluka m'chaka cha 2000, ndi yaulere ndipo imakwanira pa ntchito yathu. Lamulo loyamba n'kusakhudza kope loyambirira. Gwirani ntchito pa kope lachiwiri. Kenaka dulani kugunda kwa pansi pa 80 Hz, kumene kuli mphepo ndi injini koma mawu a munthu kulibe ambiri. Pambuyo pake linganizani kukula kwa mawu. Ili ndi vuto la makanema ambiri a m'mipingo: wofunsa, amene ali pafupi ndi foni, amamveka ngati bingu, woyankha ngati udzudzu, ndipo nyimbo ya pakati ndiye yogonthetsa m'khutu. Woonera amakhalira kukweza ndi kutsitsa mpaka atatopa n'kutseka. Onse amveke pa msinkhu umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ngati umboni unajambulidwa masiku awiri, malo akhale omwewo, maikolofoni yomweyo, mtunda womwewo. Nyimbo ya kwaya yokhala ndi mawu isaikidwe pansi pa munthu woyankhula, pakuti khutu silingatsate Chichewa chiwiri nthawi imodzi. Mukamaliza, musakhutire ndi mahedifoni. Ikani kanemayo pa foni yaing'ono yotchipa, mukakhale pakhonde pamene ana akusewera, ndipo muitane munthu amene sanalipo pojambula kuti akuuzeni zimene wamva. Kumeneko ndiko anthu athu adzaonere.

Chiyeso chachikulu pa kompyuta ndi batani lochotsa phokoso. Likagwiritsidwa ntchito pang'ono limathandiza. Likapitirira, munthu amamveka ngati akuyankhulira m'chidebe cha madzi, ndipo pamodzi ndi phokoso limakokolola kampweya kaja ka ph ndi kh. M'chiyankhulo chathu kampweya kameneko si kokongoletsa. Kuponya ndi kuphonya ndi zinthu ziwiri. Kola ndi khola ndi zinthu ziwiri. Ndiponso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timausiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu basi. Masiku ano pa intaneti pali mapulogalamu olonjeza kuyeretsa mawu alionse mwa iwo okha, ndipo m'kusweka mtima kwathu tinayesa imodzi pa kanema wa agogo uja. Inatibwezera mawu osalala, opanda mphepo, koma si agogo amene tinkawadziwa. Pamene mphepo inaphimba mawu, makinawo anadzazapo zilembo zongopeka, zina zomveka ngati Chingerezi. Tinafufuta. Kuli bwino mphindi khumi zoona kusiyana ndi ola la mawu amene mayiyo sananene.

Apa nkhani yathu yachoka pa luso n'kufika pa chikumbumtima, ndipo tikupempha abusa ndi akulu a mpingo kuti asaisiyire achinyamata okha. Wokonza mawu ali ndi mphamvu yoopsa. Angathe kuchotsa "koma" mmodzi, munthu n'kunena zosiyana ndi zimene ananena. Pa mphindi khumi zija pali pamene agogo akunena za anthu amene anatentha mudzi wawo, ndipo akuti: "Ndinawakhululukira, koma mtima wanga sunapole." Mnyamata wina, ndi cholinga chabwino, anafuna kusiya theka loyamba lokha, ati ndiwo umboni wolimbikitsa. Tinakana. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chinayi pa funso 112, amaika kupotoza mawu a mnzathu pamodzi ndi umboni wonama. Olemba ake sankadziwa kompyuta, koma tchimolo ndi lomwelo. Kudula chifuwa, kulira kwa mbuzi ndi kubwereza n'kololedwa. Kudula kumene kusintha tanthauzo ndi bodza, ngakhale bodzalo likometse mpingo. Ndiponso nkhani za nkhondo zimatchula maina, ndipo ana a otchulidwawo timakhala nawo pa benchi limodzi. Choncho tinapangana kuti kanema aliyense ayambe waonedwa ndi mwini umboni pamodzi ndi akulu awiri asanatuluke, ndipo mwiniwakeyo akati apa chotsani, tichotse.

Ena angaone ngati tikukulitsa nkhani ya mafoni m'tsamba la mpingo. Koma chipembedzo chathu ndi cha khutu. Makolo athu m'chikhulupiriro anaika gome la mlaliki patsogolo pa tchalitchi kuti Mawu amveke. Pa 1 Akorinto 14:7-9 mtumwi Paulo akupereka fanizo la chitoliro, zeze ndi lipenga, kuti zikalira mosadziwika bwino palibe amene angatolepo kanthu. Tikudziwa kuti iye ankanena za malilime osati za makina, koma mfundo yakuti cholankhulidwa mu mpingo chiyenera kumveka ikutikhudza ifenso. Kumbukiraninso kanema wa JESUS, wa m'chaka cha 1979, amene ambiri tinamuonera pa chinsalu pabwalo usiku. Chithunzi chake n'chimodzi dziko lonse lapansi, koma mawu ake ajambulidwanso m'ziyankhulo zoposa 2,000, Chichewa chili pomwepo. Chinsalu chinkagwedezeka ndi mphepo, nkhope n'kupindika, koma anthu sankachoka, chifukwa ankamva. Tsiku limene chimkuzamawu chinafa, bwalo linkatha anthu chithunzi chikuonekabe.

Sabata ziwiri zapitazo tinajambula umboni wachiwiri, wa bambo wina amene anali mtsogoleri wa mapemphero pakati pa othawa nkhondo kutsidya kwa malire. Tinawakhazika m'nyumba yaudzu ija, maikolofoni pachifuwa, mtsikana wa kwaya atavala mahedifoni. Kawiri konse mtsikanayo anakweza dzanja, ndipo kawiri konse bamboyo anaseka n'kubwereza. Anafotokoza za tchalitchi cha mapesi, za Buku Lopatulika limodzi limene mabanja ankabwerekana, ndi za ulendo wobwerera kwawo nkhondo itatha, atapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba zawo. Atafika pa mwana wawo wamkazi amene anamuika m'manda kutsidyako, anaima. Pa kompyuta mpatawo ndi wa masekondi 14. Mumamveka kupuma kwawo, ndi mpando ukulira pang'ono. Wokonza anafunsa ngati afupikitse, pakuti anthu a pa foni sachedwa kutopa. Tinapita kukawafunsa eni ake. Anamvetsera ndi mahedifoni, koyamba m'moyo wawo kudzimva okha, ndipo atavula anati, "Ana anga, pamenepo musadulepo, ndi pamene ndimamuona."

Pa mndandanda wathu patsala maina asanu ndi awiri, ndipo tikufuna kumaliza mvula isanagwe. Mpingo umene uli ndi maikolofoni ya pachifuwa yongokhala, kapena mabulangete akale, utumize uthenga kudzera kwa abusa.